DZENJE LA PA MSEU LILI NDI MWINI WAKE

Mwezi uno ndifuna kukamba nanu nkhani imene sitinazolowere kuiwerenga m'kalata yathu ino. Si ya Ubatizo, si ya Ukwati ai, koma ya maenje a pa mseu, ndi ya milandu imene imabadwa galimoto ikagwa m'maenjemo. Wina adzati: Kodi mphunzitsi wa katekisimu wasanduka loya tsopano? Iai, ine sindine loya, ndipo amene ali ndi mlandu weniweni ayenera kukafika kwa odziwa malamulo. Koma ndine amene ndimaitanidwa kukatsogolera mapemphero pa maliro, ndipo ndine amene amasiye amadza kudzandifunsa nzeru pamene olira onse abalalika, moto wa pa siwa utazima. Tsono ndidaona kuti n'chamanyazi kumangowayankha kuti pirirani, ngati kuti palibe mau ena amene Mkhristu angauze mnzake.

Ife a kuno ku Nachisaka, pamodzi ndi midzi yonse ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, mseu wa dzinja timaudziwa bwino. Dziko lathu ndi la zitunda ndi mitsetse, ndipo madzi a mvula sayenda pang'onopang'ono monga achitira ku chigwa, koma amathamanga ndi ukali, nadya m'mphepete mwa mseu usiku umodzi wokha. Pamene dzulo padadutsa ngolo, lero pali chigwembe. Katondo akanyowa amaterera ngati therere, ndipo pa kamtsinje kalikonse pali kalavati amene madzi amamufukula pansi, pamwamba pakuoneka ngati pabwino. Ngakhale pa miseu ya tala, wa ku Salima wodzera pa Chezi ndi Mvera, kapena waukulu uja wa M1 wodzera pa Mponela ndi Madisi, anthu adaonapo maenje amene amakakamiza woyendetsa kulowa mbali ya mnzake. Komabe sitingaleke kuyenda, pakuti fodya ayenera kufika ku Kanengo, soya ndi mbatata ku msika, ndi wodwala ku chipatala.

Chaka china, m'mwezi wa February, lole yaing'ono idanyamuka m'bandakucha ndi matumba a mbatata ya kachewere, ndipo pamwamba pa matumbawo padakhala anthu opita ku msika, monga timachitira tonse. Potsikira ku kamtsinje kena, madzi adali atagumula theka la mseu pafupi ndi kalavati. Munthu wina wachifundo adaikapo nthambi dzulo lake, koma mvula ya usiku idaikokolola. Woyendetsa adaona malowo mochedwa, nakhotetsa mwadzidzidzi, ndipo lole idagubuduzika m'chigwembe. Mtsikana wina adathyoka mwendo. Bambo wina, Mkhristu wa mphakati wathu, wa ana anai, adapanidwa ndi matumba, namwalira asanafike ku chipatala. Ine ndidatsogolera mwambo wa maliro ake.

Mwini lole sadathawe, ndipo pa ichi ndimamlemekeza. Adabwera ndi bokosi, thumba la ufa, mbuzi imodzi ndi kandalama m'manja, nakhala pansi pakati pa anamfedwa. Akuluakulu adalandira chipepesocho, nati nkhani yatha, zonse ndi Chauta. Ena kuseri adanong'ona za mlamu wa malemuyo amene adakangana naye pa malire a munda. Za dzenje lija palibe amene adalitchula. Sabata isanathe anthu adalikwirira ndi miyala ndi dothi, ndipo magalimoto adayambanso kudutsa.

Patapita zaka ziwiri ndi theka, mai wamasiye uja adafika kwathu madzulo, nakhala pa mphasa cha patali, monga mwa ulemu wa amai athu. Mwana wake woyamba adali atasankhidwa kupita ku sekondale, koma fizi padalibe.

"Aphunzitsi," adatero, "ndamva kuti munthu akafa pa galimoto pamakhala ndalama za inshulansi. Kodi Mkhristu akazifunsa ndalama zimenezo wachimwa? Pajatu ndidakhululuka kale, ndipo mbuzi tidadya."

"Mai," ndidayankha ine, "simudachimwe, koma ndiopa kuti mwachedwa."

Mafunso awiri ali m'mau a mai ameneyu, ndipo loyamba ndilo la ine mphunzitsi. Ambiri a ife timayesa kuti kukhululuka ndi kuleka kufunsa chimene tiyenera kulandira. Koma Eklezia saphunzitsa chomwecho. Kukhululuka ndiko kuchotsa chidani mumtima ndi kusafunira mnzako choipa. Kubweza ndi nchito ya chilungamo, ndipo wansembe amene amapatsa wakuba chikhululukiro cha machimo amamlamulanso kubweza chimene adaba. Zakeyo uja wa ku Yeriko sadangolira misozi, koma adalonjeza kubweza kanai. Ndiponso m'buku la Eksodo, mutu 21, muli lamulo la dzenje lenilenilo: limanena za munthu wokumba dzenje osalivundikira, kuti ng'ombe kapena bulu wa mnzake akagweramo, mwini dzenje ndiye alipire. Taonani, ngati Mulungu adasamala za bulu wogwa m'dzenje, kodi angaiwale atate a ana anai? Makolo athu omwe, asanamve za Mose, sakadamleka munthu wokumba mbuna pa njira ya ku madzi. Chifukwa chake mai wofunsa chipukuta misozi kuti ana ake adye ndi kuphunzira sachita umbombo. Afunsa za ana, zimene iye alibe ndi mphamvu yomwe ya kuzitaya.

Chidandikondweretsa ine pamene ndidamva kuti ngakhale malamulo a m'makhoti adamwa pa chitsime chomwechi. M'chaka cha 1932, ku London, oweruza aakulu adagamula mlandu wa Donoghue ndi Stevenson, wa mai wina wa ku Scotland amene adadandaula kuti adadwala atamwa chakumwa cha m'botolo m'mene mudali nkhono yowola. Woweruza wina, Lord Atkin, adatenga funso lija la katswiri wa malamulo limene lidabala fanizo la Msamariya wachifundo, lakuti mnzanga ndani, nalisandutsa muyeso wa m'khoti. Adati pa malamulo mnzako ndi aliyense amene nchito yako ingampweteke, amene ukadayenera kumkumbukira pochita nchitoyo. Makhoti a m'Malawi amatsata maganizo amenewa pa milandu ya kusasamala. Woyendetsa galimoto ali ndi anzake, ndiwo okwera ndi oyenda pansi. Wokonza mseu alinso ndi anzake, ndife tonse odutsapo.

Funso lachiwiri ndi la nthawi, ndipo pano mumvetsetse bwino, pakuti ndi pamene ambiri timagwa. Kwathu timati mlandu suwola, ndipo pa bwalo la a mfumu n'zoona: mdzukulu angathe kudzutsa mlandu wa ng'ombe ya agogo ake. Koma ku makhoti a boma mlandu umawola. Lamulo la malire a nthawi, lotchedwa Limitation Act, limapatsa munthu wovulala chifukwa cha kusasamala kwa wina zaka 3 zokha kuti akasume. Ndipo lamulo la pa mseu, Road Traffic Act la 1997, limene limakakamiza mwini galimoto aliyense kukhala ndi inshulansi yotetezera anthu ena, limalola wovulala kusumira kampani ya inshulansiyo mwachindunji, koma khomo limeneli limatsekeka pakatha zaka 2. Mai wathu uja adafika khomo lina litatsekeka kale, ndi linalo litatsala miyezi yowerengeka. Mwambo wathu wa kulira, kumeta, kudikira chiliza, ndi kuopa kuti anthu adzati wafulumira kufunsa ndalama mwamuna asanazizire m'manda, zonsezi zimadya miyezi imene khoti likuwerenga.

Pali cholakwa china chimene chimatigoneka tulo. Ngozi ikachitika, apolisi amatengera woyendetsa ku khoti la majisitireti, ku Dowa, ku Mponela kapena ku Ntchisi, ndipo akapezeka wolakwa amalipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa. Anthu akamva zimenezo amati mlandu watha. Koma umenewo ndi mlandu wa boma, ndipo chindapusacho chimalowa m'thumba la boma. Mlandu wa chipukuta misozi ndi wina, ndipo sudzuka wokha. Mwini wake ayenera kuudzutsa.

Tsono wolipira ndani, galimoto ikagwa chifukwa cha kuipa kwa mseu? Pali makomo awiri, lina lapafupi, lina lakutali. Lapafupi ndilo la woyendetsa, mwini galimoto ndi inshulansi yao. Woyendetsa adzati: Si ine, ndi dzenje. Koma khoti lidzamfunsa: Kodi unkathamanga bwanji pa mtsetse, mvula itagwa usiku wonse? Kodi mabuleki ndi matayala adali bwino? Kodi katundu sadapyole muyeso? Kodi mseu umenewu sunkaudziwa, iwe wodutsapo sabata ndi sabata? Pakuti kuipa kwa mseu sikuchotsa udindo wa woyendetsa, koma kumauchulukitsa; pa mseu woipa munthu wanzeru amayenda pang'ono. Milandu yambiri ya ngozi imathera pa khomo limeneli.

Koma khomo lapafupili lili ndi minga yake, ndipo minga imeneyi imalasa makamaka ife a kumudzi. Inshulansi ili ndi malire. M'milandu yambiri ya zaka za m'ma 2010 kampani sinkalipira kupyola K5 miliyoni, ndipo zotsala wodandaula ankayenera kuzifuna kwa mwini galimoto. Chinanso, lole yolembedwa kuti ndi ya katundu ikanyamula anthu a matola, kampani ingathe kukana, niti inshulansi yake sidali ya okwera. Nanga njinga zamoto za kabaza, zimene zadzaza m'njira zathu zonse? Zambiri zilibe nambala, zilibe inshulansi, ndipo mnyamata woyendetsayo chuma chake ndi njingayo basi, mwinanso ndi ya bwana wake. Ungapambane mlandu, koma ukalanda chiani? Sindinena kuti musakwere, pakuti ndidziwa kuti mai woyembekezera sangadikire basi imene kulibe. Ndingoti, pamene pali kusankha, yang'anani kapepala ka inshulansi komata pa galasi la kutsogolo, ndipo dziwani chimene mwakwera.

Khomo lakutali ndilo la mwini mseu. Ambiri timayesa kuti mseu uli ngati mtsinje kapena phiri, chinthu cha Mulungu chopanda mwini. Si choncho ai. Kuyambira 2006 miseu yaikulu ya dziko lino ili m'manja mwa bungwe la Roads Authority, ndipo ndalama zokonzera zimasonkhanitsidwa ndi bungwe lina, Roads Fund Administration. Miseu yambiri yaing'ono ya kumidzi imayang'aniridwa ndi makhonsolo. Ndalamazo zimachokera kwa ife tomwe. Pa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo pali msonkho wa mseu, ndipo ngakhale iwe wopanda galimoto umaulipira m'mtengo wa matola, wa feteleza ndi wa mchere. Kuonjezera apo, zipata zolipiritsa zidatsegulidwa pa Chingeni mu 2021 ndi pa Kalinyeke ku Dedza mu 2022. Tsono amene walandira ndalama za nchito ali ndi mangawa a nchitoyo. Ndipo Malamulo Aakulu a dziko lino a 1994, pa gawo 41, amapatsa munthu aliyense ufulu wa kufika ku khoti ndi kulandira chithandizo chenicheni pamene ufulu wake waphwanyidwa.

Komabe ndikadakhala wonama ndikadakuuzani kuti khomo limeneli n'lapafupi kutsegula. Malamulo athu ambiri adachokera ku England, kuyambira 1902 pamene Angerezi adakhazikitsa khoti lalikulu m'dziko lino, ndipo ku England komweko nkhaniyi idavuta zaka zambirimbiri. Mu 1788 munthu wina dzina lake Russell adasumira anthu a chigawo cha Devon chifukwa ngolo yake idaonongeka pa mlatho wosakonzedwa, koma khoti lidamkana. Kuchokera pamenepo padakhazikika kusiyanitsa kwakuti mwini mseu akangolekerera mseu kuonongeka alibe mlandu, koma akagwira nchito moipa, napanga yekha choopsa, ndiye ali ndi mlandu. Angerezi eni ake adaona kuti kusiyanitsa kumeneku kulibe chilungamo, nakuthetsa ndi lamulo la 1961. Ndakufotokozerani zakalezi kuti muone kusiyana kwa maenje awiri. Ngati kontrakitala wakumba ngalande yodula mseu, kapena waunjika mulu wa miyala, kapena wapatutsa magalimoto, osaika chikwangwani kapena nyali, mlandu wake ndi woonekera, pakuti iyeyo ndiye mwini dzenje wa m'buku la Eksodo. Koma dzenje lokumbidwa ndi mvula lifuna umboni wochuluka: kuti lidakhalapo nthawi yaitali, kuti eni mseu adalidziwa kapena akadayenera kulidziwa, ndi kuti adali ndi mpata wa kulikonza, ngakhale wa kungoikapo chenjezo, koma sadachite.

Kuti zimenezi n'zotheka, tili ndi chitsanzo cha ku South Africa, kumene ana athu ambiri ali pa nchito. Mu 2004 munthu wina dzina lake McIntosh ankatsika phiri pa njinga yakapalasa m'chigawo cha KwaZulu-Natal, ndipo polewa dzenje lalikulu la pa tala adagwa navulala koopsa. Adasumira boma la chigawocho. Boma lidati ndalama zokonzera miseu yonse zidali zosakwana. Koma mu 2008 khoti la apilo lidagamula kuti boma lidalakwa, pakuti dzenjelo lidakhalapo nthawi yaitali osakonzedwa. Ndipo onani chilungamo cha oweruzawo: adapezanso kuti mwini njingayo ankathamanga kopyola muyeso, motero adagawa cholakwa, boma magawo 60 pa 100, iye magawo 40, ndipo adalandira magawo 60 okha a chipukuta misozi. Makhoti a kuno nawonso amachepetsa malipiro pamene wovulala adathandizira tsoka lake. Wokwera njinga usiku wopanda nyali, atamwa kachasu, asayembekeze kuti dzenje lidzasenza mlandu wonse.

Wofuna kusumira boma lenileni adziwenso kuti lamulo limafuna kuti ayambe walembera Attorney General, ndiye loya wamkulu wa boma, kalata yomdziwitsa, ndipo adikire miyezi 3 asanapite ku khoti. Miyezi imeneyi iwerengedwe msanga, zaka zija zisanathe.

Tibwerere kwa mai wathu. Tidapita naye ku Lilongwe, ndipo adathandizidwa ndi loya wosalipiritsa. Pajatu lamulo la 2011 lidakhazikitsa bungwe la Legal Aid Bureau, limene nchito yake ndi kuimira anthu osauka pa milandu, ndipo munthu asachite manyazi kugogoda kumeneko. Loya adafunsa za dzenje lija. Kodi pali chithunzi? Palibe. Kodi lipoti la apolisi lidatchula kuti mseu udali wogumuka? Lidangoti woyendetsa adalephera kuwongolera galimoto. Kodi pali kalata imene mudzi udalembapo kudandaula za kalavatiyo? Palibe, ngakhale tonse tidali kumuona akudyeka kuyambira dzinja lapitalo, ndi kumangoti tsiku lina pano padzafa munthu. Amene adaika nthambi uja adali atasamukira kwina. Dzenje lidakwiriridwa, ndipo umboni udakwiriridwa nalo pamodzi. Motero khomo la mwini mseu silidagogodedwe n'komwe. Mlandu udapita kwa woyendetsa ndi mwini lole okha, masiku atatsala pang'ono, ndipo potsiriza adagwirizana kuti mwini lole azilipira pang'onopang'ono akagulitsa mbeu. Ndalamazo zidali zochepa poyerekeza ndi moyo wa munthu, koma mwana uja adalowa sekondale.

Ndidabwerako ndi manyazi, abale anga, chifukwa pa tsiku la ngozi ndidafika pa malopo, lamya ya m'manja yojambula ili m'thumba, ndipo sindidaganize. Chifukwa chake ndikupemphani, tsoka lotere likagwa, ena athamange ndi ovulala, pakuti moyo ndiwo woyamba. Koma mmodzi wa mtima wokhazikika atsale. Ajambule dzenje lisanakwiriridwe, ataimika munthu kapena khasu pambali kuti kukula kwake kuoneke. Ajambule galimoto, nambala yake ndi kapepala ka inshulansi. Alembe tsiku, ora, ndi maina a amene adaona. Apolisi akafika, awasonyeze malo ogumukawo ndi kupempha mwaulemu kuti alembedwe. Pambuyo pake banja litenge lipoti la apolisi ndi lipoti la ku chipatala, lisunge kabuku ka kuchipatala ndi malisiti onse, a mankhwala, a ulendo, a bokosi lomwe. Khoti silipira chimene munthu wangonena pakamwa kuti adaononga. Lifuna kuona pepala.

Ndipo khoti limalipira chiani? Kwa wovulala limawerenga ululu umene adamva, chilema kapena zipsera zimene watsala nazo, zokoma za moyo zimene sangazichitenso, ndi mphamvu ya kugwira nchito imene yamchokera. Mlimi asadzipeputse poti salandira malipiro a pa mwezi. Dzanja logwira khasu lili ndi mtengo wake pamaso pa woweruza. Pamene munthu wafa, mlandu umasumidwa m'malo mwa amene ankamdalira, mkazi kapena mwamuna wake, ana ndi makolo, ndipo khoti limawerenga zaka za malemuyo ndi chithandizo chimene akadapitiriza kupereka. Pano ndilankhule ndi inu atsibweni ndi alamu. Ndalama zimenezi si chuma chogawana pa kumeta. Ndi nsima ya ana amasiye imene atate ao akadawapatsa chaka ndi chaka. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limaletsa kulanda, ndipo lamulo lachisanu ndi chiwiri la Mulungu lidaletsa kale.

Za chipepeso cha pa maliro ndilibe nacho mlandu. Ndi mwambo wabwino, umaziziritsa mitima, ndipo mwini galimoto wobwera kudzakhala pansi ndi olira wachita zaumunthu. Landirani bokosi, landirani mbuzi. Koma wina akatulutsa pepala nati dindani chala apa kuti nkhani ithe, musadinde tsiku limenelo, misozi ili m'maso. Pepala lotere lingatseke makomo onse. Chenjeraninso ndi madobadoba amene amazungulira m'zipatala, natenga mapepala a ovulala, nalonjeza mamiliyoni. Onanani ndi loya mwini wake maso ndi maso, dziwani pamene pali ofesi yake, mumvane za gawo lake poyamba, ndipo sungani makope a mapepala anu. Loya akadya ndalama za munthu, dandaulo limapita ku Malawi Law Society. Koma kunamiza nako kuli mbali ziwiri. Mkhristu amene agula lipoti labodza, nasandutsa kukalika kwa pa bondo kukhala kuthyoka kwa fupa, kapena alembetsa dzina lake pa galimoto imene sadakwere, ameneyo waba ndipo wachita umboni wonama, ndipo adzayenera kubweza asanalandire mtendere wa mumtima. Kampani si munthu wosauka, n'zoona, koma bodza la mmodzi limachititsa kuti ovulala enieni khumi akayikiridwe.

Patsala mau amodzi owawa, ndipo sindingawalumphe, chifukwa ndikaloza chala ku boma lokha mudzati mphunzitsi waopa anthu ake. Maenje ena mwini wake ndife. Ndani amalima mizere kufikira m'ngalande ya mseu, madzi nasowa kolowera, nayenda pakati pa mseu? Ndani amatseka kalavati kuti madzi asalowe m'munda mwake? Ndani amakumba mchenga pansi pa mlatho ndi dothi la njerwa m'mphepete mwa mseu? Ndani adazula zikwangwani za chitsulo zochenjeza pa makona, nakasula nazo mbaula ndi zitseko? Ndani adadula mitengo ya m'zitunda, kuti madzi atsike opanda chowagwira? Munthu wotere sadzaitanidwa ku khoti kawirikawiri, pakuti palibe amene adamuona. Koma lamulo lachisanu, loletsa kupha, silifuna mboni. Pokonzekera kulapa tiyeni tizidzifunsanso za ngalande, osati za mkwiyo ndi miseche yokha.

Chitatha chaka cha mlandu uja, a mphakati wathu tidagwirizana chinthu chimodzi chaching'ono. Mvula isanayambe, anyamata awiri ndi mai mmodzi wodziwa kulemba amayenda mseu wonse wa dera lathu, nalemba m'kope malo oopsa, kalavati wodyeka, mlatho wa matabwa owola, chigwembe choyandikira, nawajambula. Kenaka timalemba kalata, a mfumu amadindapo chidindo chao, ndipo imapita kwa a komiti ya chitukuko, kwa khansala ndi kwa oyang'anira miseu. Wopereka kalatayo amapempha kuti wolandira asaine pa kope yathu ndi kulemba tsiku. Cholinga choyamba n'chakuti malowo akonzedwe munthu asanafe, ndipo pa malo asanu amene tidalemba chaka choyamba, awiri adakonzedwa. Pa atatu otsalawo tidakhoma zikhomo zopaka laimu, zimene mvula singakokolole monga nthambi. Koma tsiku lina galimoto ikadzagwanso pamenepo, palibe amene adzathe kunena kuti sadadziwe. Makope a makalatawo ali m'bokosi la m'tchalitchi, pansi pa buku la maina a obatizidwa, ndipo a mphakati wina wofuna kuona m'mene tidalembera afike Lamulungu mapemphero atatha, ndidzawatsegulira.